Funsani Aphunzitsi: Kodi ndilipire maphunziro a kuwerenga mwaliwiro?

Aphunzitsi,

Ndine namwino pa chipatala china chaching'ono m'boma la Dedza, ndipo chaka chino ndayamba maphunziro owonjezera. Masabata ena ndimagwira ntchito usiku, ndili ndi ana awiri, ndipo mabuku amene atipatsa ndi mitolo. Lina, la zamankhwala, lili ndi masamba 300 ndipo mayeso ake tilemba pakatha masabata atatu. Pa gulu lathu la WhatsApp wina waponya uthenga wotsatsa maphunziro a kuwerenga mwaliwiro. Akuti ndikalipira K60,000 andiphunzitsa m'masiku asanu kuwerenga mawu 1,500 pa mphindi imodzi, n'kumamva zonse. Akuti chinsinsi chake n'kusiya kutchula mawu mumtima, kusiya kubwerera m'mbuyo, ndi kuphunzitsa diso kuona mzere wonse nthawi imodzi. Anzanga awiri alipira kale. Ine ndimawerenga ngati nanzikambe, ndipo ndikafika pansi pa tsamba ndimapeza kuti zapamwamba ndaiwala. Ndilipire?

Nangozo, Dedza

A Nangozo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Musalipire. Ndalamayo mugulire nyale yabwino ya sola, ndipo ikatsalako mukayezetse maso. Koma popeza anzanu awiri alipira kale, ndipo sabata yamawa abwera kudzakuuzani kuti zikutheka, ndikupatsani yankho lalitali kuti mudzakhale ndi chowayankha.

Ndimati ndikuponyereni mwambi uja wakuti kuthamanga sikufika, koma ndaubwezera m'thumba. Munthu amene wangoweruka ku ntchito ya usiku, mwana ali kumsana, mayeso ali pakhomo, mwambi sumuthandiza. Nthawi ikukucheperanidi. Chimene ndikukana ndi mankhwala amene akukugulitsaniwo.

Malondawa ndi akale kuposa inu. Anatchuka ku America chifukwa cha mayi wina wa ku Utah, Evelyn Wood, yemwe anali mphunzitsi. Mwini wake ankasimba kuti ali ku yunivesite anapereka pepala lake lalitali kwa pulofesa, pulofesayo n'kulimaliza m'mphindi zochepa, n'kuyankha bwinobwino atafunsidwa zomwe zinali m'menemo. Mayiyo anayamba kusakasaka anthu owerenga chonchi, ndipo mu 1959 anatsegula sukulu ku Washington n'kuitcha Reading Dynamics. Njira yake yodziwika inali kuyendetsa chala kapena dzanja patsamba kuti maso azilondola. Inafala ngati moto wa m'chilimwe. M'nthawi ya pulezidenti John F. Kennedy ena ogwira ntchito ku White House anachita maphunzirowa, ndipo Jimmy Carter nayenso anadzawachita ali pampando. Zimene mwaona pa WhatsApp ndi zomwezo za 1959, angoziveka chitenje china.

Vuto n'lakuti diso lili ndi malamulo ake, ndipo inu monga namwino muwamva msanga kuposa owerenga ena a tsamba lino. Madzulo ano mupatse munthu wa m'nyumba mwanu buku, mukhale moyang'anizana naye, muzimuyang'ana m'maso pamene akuwerenga. Muona kuti diso siliyenderera pamzere ngati madzi mumfuleni. Limachita ngati chule: kudumpha, kuima, kudumpha, kuima. Zimenezi zinafotokozedwa koyamba ku Paris cha m'ma 1879, pa ntchito ya dokotala wa maso Émile Javal. Pamene diso lili m'malere sititola kanthu. Timawerenga pamene laima, ndipo limaima pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Kudumpha kumodzi kumapitirira zilembo 7 mpaka 9.

Likaima, limaona zochuluka bwanji? Mukukumbukira kamalo kaja kotchedwa fovea, ka pakati pa retina, khungu la kumbuyo kwa diso lolandira kuwala. Tambasulani mkono muyang'ane chikhadabo cha chala chachikulu: malo amene diso limaona mwakuthwa ndi aakulu ngati pamenepo basi. Kwina konseko timaona mwachimbuuzi. Mu 1975 akatswiri awiri, George McConkie ndi Keith Rayner, anapanga njira yochenjera yoyezera zimenezi. Anthu ankawerenga pa kompyuta imene inkatsatira diso lawo, ndipo zilembo zonse zakutali ndi pamene diso laima inkazisokoneza, n'kusiya kazenera kakang'ono ka mawu enieni. Pokulitsa ndi kuchepetsa kazenerako, kafukufuku wa mtunduwu anasonyeza kuti wowerenga Chingerezi amagwiritsa ntchito zilembo 3 kapena 4 kumanzere ndi 14 kapena 15 kumanja. Zakutali kuposa apo mukhoza kuzisandutsa zilembo zopanda tanthauzo, liwiro lake silisintha.

Tiwerengetsere pamodzi. Diso likamaima kanayi pa sekondi, pa mphindi limaima ka 240, ndipo paliponse limatola mawu amodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mu 2019 Marc Brysbaert wa ku yunivesite ya Ghent ku Belgium anasonkhanitsa kafukufuku 190, n'kupeza kuti munthu wamkulu wowerenga Chingerezi chamumtima amawerenga mawu pafupifupi 238 pa mphindi ngati nkhaniyo si yopeka, 260 ngati ndi nthano, ndipo 183 akamawerenga mokweza. Tsono a K60,000 aja akulonjeza 1,500. Ndiye kuti mawu 25 pa sekondi iliyonse, kapena mawu 6 paliponse pamene diso laima, zomwe ndi zilembo zoposa 30. Fovea sikula chifukwa munthu wakhala m'kalasi masiku asanu. Amene akutembenuza masamba pa liwiro limenelo mawu ambiri sakuwaona n'komwe. Akudumphira, ndipo kudumphira kuli ndi ntchito yake, ndibwererako. Koma si zimene akukugulitsani.

Zoti musiye kubwerera m'mbuyo ndiye zimandipsetsa mtima, chifukwa akutenga chinthu chothandiza n'kuchitcha matenda. Pa kudumpha 100 kulikonse kwa diso, 10 mpaka 15 kumakhala kobwerera m'mbuyo, ngakhale kwa owerenga odziwa. Ubongo ukaona kuti chiganizo sichikulumikizana, umatuma diso kukatenga chimene chatayika. Mu 2014 Elizabeth Schotter ndi anzake ku San Diego anayesa kuletsa anthu kubwerera: mawu aliwonse diso likangowadutsa, kompyuta inkawaphimba. Kumva kwa anthuwo kunatsika, osati pa ziganizo zokhotakhota zokha, komanso pa zosavuta. Chaka chomwecho kunatchuka pulogalamu ya pafoni yotchedwa Spritz, imene imathwanimitsa mawu amodziamodzi pamalo amodzi kuti diso lisamayende. Pa uthenga waufupi zimatheka. Pa buku la zamankhwala zili ngati munthu wokuuzani njira ya kumudzi wachilendo ali pa njinga, osaima, osalola kuti mumufunse kuti tikhote pa mtengo uti.

Kamawu ka mumtima kaja nako musakathamangitse. Ndi kamene kamasunga chiyambi cha chiganizo mpaka mutafika kumapeto kwake. Ofufuza akauza anthu kuti azibwereza mawu ena ake mosalekeza pamene akuwerenga, pofuna kukatsekereza kamawuko, kumva ziganizo zovuta kumatsika. Ndipotu kuwerenga kunayambira pakamwa. Augustine Woyera, atapita ku Milan m'zaka za m'ma 380, anachita kulemba ndithu kuti anaona bishopu Ambrose akuwerenga maso okha akuyenda, lilime lili chete, ngati chinthu choyenera kuchisimba. Chimene chimachedwetsa ndi kuyendetsa milomo pa mawu alionse ngati mukuwerenga kalata yoyamba m'tchalitchi. Icho mukhoza kuchichepetsa nokha, kwaulere. Koma mukafika pa ndime yovuta, itchuleni ndithu, ngakhale mokweza. Ine mpaka lero ndimatero ndi makalata a ku banki.

Pali kafukufuku mmodzi amene ndimamukonda chifukwa anachita zimene ine ndikanachita. M'zaka za m'ma 1980, Marcel Just ndi Patricia Carpenter a ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku America anatenga magulu atatu: ochita maphunziro a liwiro, owerenga wamba, ndi anthu wamba amene anangouzidwa kuti adumphire. A liwiro ndi odumphira anathamanga mofanana, mawu 600 mpaka 700 pa mphindi, pamene wamba anali cha m'ma 250. Atafunsidwa mutu wa nkhani, a liwiro anayankhako ndithu, ndipo pa nkhani yosavuta anaposa odumphira. Atafunsidwa tsatanetsatane, onse othamanga anagwa, makamaka pa mawu amene diso lawo silinaimepo. Nkhani itakhala ya sayansi, yachilendo kwa iwo, mwayi wa a liwirowo unatheratu. Mu 2016 akatswiri asanu, dzina la Rayner lili patsogolo ngakhale iye anali atamwalira chaka cham'mbuyo, anatulutsa lipoti lalitali lounika umboni wonse, ndipo mfundo yake inali yomweyi: ukawonjezera liwiro kwambiri, umalipira ndi kumva. Ku America komweko, mu 1998, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linachitapo kanthu pa otsatsa maphunziro ena a mtunduwu pa wailesi yakanema chifukwa cholonjeza zopanda umboni.

Nanga bwanji anzanu adzabwera akusangalala? Sadzakhala akunama. Munthu amene maganizo ake amayendayenda akaika chala pamzere, n'kudziikira wotchi, amakhala tcheru, ndipo akhoza kuchokadi pa mawu 150 kufika pa 200 kapena kupitirira. Phindu limenelo ndi lenileni, koma chala muli nacho kale ndipo wotchi ili pafoni yanu. Chinanso, adzawafunse kuti anawayesa bwanji. Ngati nkhani ya tsiku loyamba inali yolimba, ya tsiku lomaliza n'kukhala yofewa, mafunso ake osankha pakati pa A, B, C ndi D amene munthu angalote osawerenga n'komwe, manambala adzaoneka okongola. Chikomekome cha mkuyu. Ngati mukufuna kuyesa mphunzitsi wawoyo, mutengereni buku lanu lomwelo, mutsegule mutu wa mankhwala a impso, mumupatse mphindi zitatu, kenako mutseke bukulo mumufunse mafunso khumi amene mwakonza nokha. Akakhoza asanu ndi atatu, ndilembereni, ndidzapepesa patsamba lomwe lino.

Mudzamvanso za Anne Jones wa ku Britain, katswiri wa mipikisano ya kuwerenga mwaliwiro, amene mu 2007 anamaliza buku lomaliza la nthano za Harry Potter m'mphindi 47 n'kufotokozera atolankhani mmene nkhaniyo yathera. Zinachitikadi. Koma limenelo linali buku lachisanu ndi chiwiri la nkhani imene anthu ake, malo ake ndi mikangano yake zinali zodziwika kale. Wodziwa mudzi amayenda usiku popanda tochi. Ndipo palibe amene akanafa iye akanaphonya dzina limodzi.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinkadzitama kuti ndine wowerenga mwachangu, chifukwa nyuzipepala ndinkaimaliza tiyi asanazizire. Tsiku lina ndinalandira kalata yochokera kwa malume a mayi a kunyumbawa, tisanalowe m'banja. Ndinali pakati pa mapiriyodi awiri, choko chili kumanja. Ndinaitsegula, maso n'kutola "chinkhoswe", "Loweruka lino", "ankhoswe anu", ndi mawu ena amene ndinawawerenga kuti "mubwere". Ndinaipinda n'kuiika m'thumba. Lachisanu ndinatenga amalume anga, tambala wathu ali m'dengu, tinakwera basi mpaka ku Ntcheu, n'kuyenda wapansi mtunda wautali dzuwa lili paliwombo. Tinapeza mudzi uli zii, anthu apita kumaliro tsidya la mtsinje. Agogo ena amene anatsala pakhomo anatiyang'ana modabwa n'kufunsa ngati kalata sinatipeze. Ndinaitulutsa pamaso pa amalume. Inati "musabwere Loweruka lino". Zilembo ziwiri, s ndi a, zobisala pakati pa mawu. Amalume sanandikalipire. Anangoti, "Aphunzitsi, tiyeni," ndipo mawu akuti aphunzitsiwo anawatchula m'njira imene ndimaimvabe mpaka lero. Tambala uja tinabwerera naye.

Chichewa chathu chimabisa zinthu zazikulu m'tizilembo tating'ono. Kukana kuli mu "si" kapena "sa", nthawi ili mu "na", "ku", "dza", ndipo amene wachitiridwa chinthu ali m'kachilembo kamodzi pakati. N'chifukwa chakenso manambala a Chingerezi aja musamadziyeze nawo mukamawerenga Chichewa. "Sindidzakuuzaninso" ndi mawu amodzi, koma m'Chingerezi angakhale 6. Buku lanu la zamankhwala lili ndi misampha ya mtundu womwewo: 0.5 ndi 5 amasiyana ndi kadontho, mg ndi mcg amasiyana ndi chilembo chimodzi koma mlingo wake umasiyana ka 1,000. Namwino wophunzitsidwa kuti asamabwerere m'mbuyo powerenga, ine asandibaye jekeseni.

Tsopano tibwere pa vuto lanu lenileni. Mwalemba kuti mukafika pansi pa tsamba mumapeza kuti zapamwamba mwaiwala. Amenewo si matenda a diso. Zaka zambiri zimene ndinachonga mayeso a Chingerezi zinandiphunzitsa kuti mwana wowerenga mochedwa kawirikawiri amakhala akupunthwa pa mawu amene sakuwadziwa. Akapunthwa katatu m'chiganizo chimodzi, mphamvu zonse zathera pa kudzuka, ndipo tanthauzo lagwera m'njira. Inu mukuwerenga m'chinenero chachiwiri, nkhani yodzaza mawu ochokera ku Chilatini ndi Chigiriki, thupi litatopa. Liwiro la kuwerenga limakhala m'mutu: m'mawu amene mukuwadziwa ndi m'zimene mukudziwa kale za nkhaniyo. Dziyeseni nokha. Tsegulani mutu wa malungo, pamene akukamba za LA amene mumapereka tsiku ndi tsiku, muone mmene muulukire. Kenako tsegulani mutu wa mankhwala a khansa. Maso ndi omwewo, nyale ndi yomweyo.

Ndiye bukulo likukuopsani kuposa mmene liyenera. Tiyerekeze kuti tsamba lililonse lili ndi mawu 400. Masamba 300 ndi mawu 120,000. Ngakhale mutamawerenga mawu 120 okha pa mphindi, theka la liwiro la mwini chinenero, mufunika mphindi 1,000, zomwe ndi maola osakwana 17. Mukagawa m'masiku 21, ndi mphindi zosakwana 50 patsiku. Masiku asanu amene mukanakhala ku maphunziro a liwiro aja ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yonse imene mwatsala nayo.

Ndipo simukufunika kuwerenga masamba onse 300 mofanana. Apa ndi pamene kudumphira kumagwira ntchito, ndipo ndi luso loyenera kuliphunzira. Mlimi wanzeru asanayambe kulima amayendera munda wonse, aone pamene pali chulu, pamene pali chitsa, pamene nthaka ndi yofewa. Musanawerenge mutu uliwonse, tengani mphindi zisanu muyendere: mitu ing'onoing'ono, matebulo, mawu odetsedwa kwambiri, chidule cha kumapeto, ndi mafunso ngati alipo. Pezani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo muone zimene amakonda kufunsa. Mukatero mudziwa pothamanga ndi poyenda chokwawa. Zimene mumachita kale ku wodi, dutsani mwachangu. Ndime ya mbiri ya mmene mankhwala anatulukiridwira, dutsani. Milingo, zotsatira zoipa, mankhwala osayenera kuphatikizidwa, odwala osayenera kupatsidwa: pamenepo khalani pansi, pensulo m'manja. Njira imeneyi si yanga. Francis Robinson wa ku Ohio anaifalitsa m'zaka za m'ma 1940 pansi pa dzina lakuti SQ3R, ndipo palibe amene angakulipiritseni.

Mawu ovuta aja muwagwire m'mabanja mwawo, osati mmodzimmodzi. Otha ndi "olol", monga atenolol ndi propranolol, ndi a nyumba imodzi. Otha ndi "pril", monga captopril ndi enalapril, ndi a nyumba ina. Otha ndi "cillin" mumawadziwa kale. Patulani masamba anayi kumapeto kwa kope lanu, muzilembamo mabanja amenewa ndi mawu ena alionse amene akupunthwitsani kawiri. Madzulo awiri a ntchito imeneyi adzakufulumizitsani kuposa chala chilichonse, chifukwa mawu amene diso likuwadziwa limaimapo kanthawi kochepa, ena limangowalumpha.

Za kuiwala, chitani ichi. Mukamaliza kachigawo, tsekani buku, munene pakamwa zimene mwawerenga, m'Chichewa, ngati mukufotokozera wodikirira wodwala amene sanapite kusukulu. Mukakakamira, tsegulani muone, mutsekenso. Zimawawa, ndipo mudzamva ngati mukutaya nthawi. Koma mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anayerekeza ophunzira amene anawerenga nkhani mobwerezabwereza ndi amene anaiwerenga pang'ono n'kumayesa kuikumbukira osayang'ana. Patangotha mphindi zisanu, obwereza kuwerenga anali patsogolo. Patatha sabata, odziyesa aja anawapitirira kutali. Mayeso anu sali patatha mphindi zisanu. Mawa lake, musanatsegule mutu watsopano, nenaninso za dzulo mukutsuka mbale kapena muli m'minibasi.

Zina ndi zazing'ono. Foni ikhale m'chipinda china, chifukwa gulu la WhatsApp lomwe lakubweretserani malondawa ndi limene likudyanso mphindi zanu 50. Sabata ya usiku, werengani musanapite ku ntchito, osati mutaweruka. Ndipo za maso zija sindimaseka: ngati zaka zanu zikuyandikira 40 ndipo mwayamba kutalikitsa buku kuti muone bwino, kapena mutu umakupwetekani mukawerenga theka la ola, magalasi adzakuchitirani zimene maphunziro aliwonse sangathe. Ine ndinakana magalasi zaka zitatu chifukwa cha manyazi, ndikumanamizira osindikiza mabuku kuti achepetsa zilembo.

Mayeso akadzatha, muziwerenga zinthu zokusangalatsani, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, kaya nyuzipepala, kaya nthano, kaya magazini ino. Kumeneko ndi kumene liwiro lenileni limachokera, ngakhale limabwera mwakachetechete moti simudzadziwa tsiku limene lafika. Anzanu awiri aja musawaseke. Muwapemphe akubwerekeni manotsi a maphunzirowo, muone ngati muli gawo la kuyendera mutu musanauwerenge. Ngati lilimo, ndilo gawo limene ndalama yawo yagula. Mudzandiuze mmene mayeso ayendere.

Aphunzitsi,

Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 3. Akamawerenga amaloza ndi chala mawu alionse ndipo milomo imayenda. Mchimwene wake amamuseka kuti amawerenga ngati agogo. Ndimuletse?

Bambo Phiri, Mchinji

A Phiri, woyenera kuletsedwa ndi mchimwene wakeyo. Mwana wa Sitandade 3 akadali pa ntchito yolumikiza zilembo ndi maliwu, maphatikizo ndi mawu, ndipo chala ndi milomo ndi zida zake za ntchitoyo, monga mmene mwana wophunzira kuyenda amagwirira khoma.

Pa msinkhu umenewu liwiro lili ndi ntchito, mosiyana ndi zimene ndauza a Nangozo pamwambapa. Mwana amene amatha nthawi yaitali akulimbana ndi "nkhwa" kapena "mphwa" amafika kumapeto kwa chiganizo atataya chiyambi chake. N'chifukwa chake oyesa kawerengedwe ka ana a m'makalasi oyambirira amawerengetsera mawu amene mwana wawerenga molondola pa mphindi imodzi. Koma liwiro limenelo silibwera pomuthamangitsa. Limabwera mawu akazolowereka mpaka kumawazindikira ngati nkhope za anthu a pakhomo.

Madzulo alionse mupatseni mphindi khumi. Sankhani kankhani kakafupi m'buku lake la Chichewa. Muyambe ndinu kumuwerengera mokweza, iye akulondola ndi chala chakecho. Kenako muwerengere limodzi, kenako awerenge yekha. Kankhani komweko mukabwereze masiku atatu musanasinthe, ngakhale inu katakutopetsani. Akakakamira pa mawu, werengani mpaka faifi mumtima musanamuuze. Akamaliza mufunseni kuti kalulu uja anatani, ndipo n'chifukwa chiyani. Ngati pakutha pa teremu akusokonezabe zilembo monga b ndi d, kapena akuyandikitsa buku kumphuno, kaonaneni ndi aphunzitsi ake ndipo mupite naye akamuone maso. Mchimwene wakeyo mumupatse ntchito yomvetsera Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo mumuuze kuti akaseka, mawa lake awerenga ndi iye, mokweza, pamaso pa agogo amene akuwatchulawo.